Foni si Nkhokwe, Adzukulu Anga

Adzukulu anga, ndi inu nonse anyamata ndi atsikana a muno mu Kabwe amene mumandipatsa moni ndikamadutsa ndi ndodo yanga pansi pa mkuyu waukulu wa pakati pa tauni, takhalani pansi pang'ono. Ndikudziwa kuti chala chikukuyabwani kuti chibwerere pagalasi la foni. Sindikulandani ayi. Nkhani yanga lero ndi ya foni yomweyo, ndi zimene mwaunjikamo poganiza kuti mwasunga. Ndiyamba ndi chilonda changa, pakuti mlangizi wobisa pamene iye anapunthwa akungokutayitsani nthawi.

M'chaka cha 2020, sukulu zitatsekedwa chifukwa cha mliri wa korona, agogo anu aakazi anadzipezera ntchito yatsopano. Madzulo alionse akatha kutsuka mbale ankakhala pakhonde kuno ku Bwacha, n'kudina kabatani kojambulira mawu pa WhatsApp, n'kuyamba kuti, "Padangokhala!" Akatero ankakhala kaye chete, monga ankachitira pamoto, kukusiyirani mpata inu a ku Lusaka ndi a ku Kitwe kuti muvomere kuti, "Tili tonse!" Anasimba za Kalulu amene anakana kukumba nawo chitsime, za namwali wokana amuna amene anakathera kwa fisi, za mkamwini wadyera amene anapezeka dzanja lili mumphika wa apongozi. Pena ankaimba, pena chifuwa chinkawadula mawu, pena galu wa kwa aneba ankalowerera. Ine ndinkawerenga chamumtima, ndipo nthanozo zinapitirira makumi atatu.

Chaka chotsatira anatisiya. Maliro atatha, foni yawo ndinaiika m'kabati. Patapita miyezi yambiri, tsiku lina mtima unandiwawa, ndinafuna kungomva mawu awo. Foni inakana kuyaka. Ndinapita nayo kwa mnyamata wina wokonza mafoni kumsika. Anaitembenuza uku ndi uku, n'kunena kuti, "Madala, iyi ifunika kufulasha." Safunsa anadya phula. Ine ndinangoti, "Fulashani, mwana wanga." Inabwera ikuyaka bwinobwino, koma m'kati muli mbee ngati mbale yotsuka, mulibe chithunzi, mulibe liwu. Mnyamatayo sanalakwe, anachita zimene ndinavomereza ndekha. Nambala nayo, poti inakhalitsa osagwira ntchito, inali itaperekedwa kale kwa munthu wina.

Ndinakuimbirani mmodzimmodzi, mukukumbuka. Wina anati foni inabedwa m'minibasi. Wina anati anafufuta kuti apeze malo a mavidiyo. Wina anagula foni yatsopano osasamutsa kanthu. Aliyense ankayesa kuti mnzake wasunga. Zinapulumuka nthano zitatu zokha, chifukwa azakhali anu a ku Johannesburg anali atazitumiza ku imelo yawo kuti azimvera popuma kuntchito.

Tsono pansi pa bedi langa pali bokosi lachitsulo la atate anga. Iwo anachoka kwa Mkanda, m'boma la Fort Manning limene lero mukuti Mchinji, kudzagwira ntchito kumgodi, tauni ino ikutchedwa Broken Hill. M'bokosimo muli chitupa chawo ndi makalata ochokera kumudzi, olembedwa ndi pensulo ndi aphunzitsi a kumeneko m'malo mwa amayi awo amene sankadziwa kulemba. Chiswe chinadya m'mphepete, pepala linasanduka lofiirira, koma ndikavala magalasi ndimawerenga bwinobwino kuti mvula inavuta, kuti mbuzi inaswa awiri, kuti atumize bulangeti. Kalata ya mu 1953 ikuyankhulabe, pamene mawu a mu 2020 anazimirira. Pamenepa ndi pamene ndinayambira kuganiza.

Musafulumire kunena kuti mdala uyu akudana ndi zatsopano. Pakanapanda foni, ngakhale nthano zitatuzo sindikanakhala nazo. Vuto ndi lakuti tinasokoneza ziwiya. Foni ndi dengu, ntchito yake ndi kunyamula kuchokera apa kupita apo. Munthu wanzeru sasiya zokolola za chaka chonse m'dengu pabwalo. Amayi anga pokolola ankasankha zimanga zikuluzikulu zodzaza bwino kuti zikhale mbewu. Zina ankazipachika kudenga la khitchini, pamwamba pa moto, kuti utsi uzithamangitsa anankafumbwe. Zina ankazitsekera mumtsuko ndi phulusa. Zina ankakasungitsa kwa mchemwali wawo kutsidya kwa dambo, kuti nyumba ikapsa mbewu isapsere limodzi. Ndipo chaka chilichonse ankaidzala, chifukwa mbewu yongokhala zaka zambiri osalowa m'nthaka imafa ili chigonere. Nzeru yonse imene ndikufuna kukusiyirani ndi imeneyi. Koma poti ana a masiku ano mumafuna umboni, tiyeni tiyende m'tauni yathu yomwe ino, ndikuonetseni zinthu zitatu.

Choyamba chili kumgodi kuja kumene kunatsekedwa mu 1994. Pa 17 June 1921, anthu okumba miyala ya mtovu ndi zinki anapeza chigaza cha munthu wakalekale m'phanga. Dzina la mzungu amene analipo, Tom Zwiglaar wa ku Switzerland, linalembedwa, ndipo likupezeka m'mabuku mpaka lero. Munthu wakuda amene ankagwira naye ntchito pamalopo, dzina lake palibe analilemba. Anali Mlenje kodi, kapena Mbemba, kapena wa kwathu ku Nyasaland? Anali ndi ana? Anakasimba chiyani kukomboni usiku umenewo? Zonsezo zinapita ndi mphepo. Chigazacho chinatumizidwa ku London, ndipo chili ku Natural History Museum kufikira lero, boma la Zambia likupemphabe kuti chibwerere kwawo. Phanga lenilenilo linakumbidwa mpaka kutheratu, n'chifukwa chake akatswiri anavutika zaka zambiri kuti adziwe msinkhu wa chigazacho, mpaka mu 2020 pamene analengeza kuti chili ndi zaka pafupifupi 300,000. Taonani, Kabwe akudziwika dziko lonse chifukwa cha mutu umene uli kwa eni ena, wofukulidwa ndi munthu wopanda dzina, m'phanga limene kulibenso. Wogwira cholembera ndiye anasankha woti akumbukiridwe.

Chachiwiri ndinachiona ndi maso angawa. Mu 1972 ndinali mnyamata wongoyamba kumene ntchito ya njanji, ndipo Loweruka kapena Lamlungu kukakhala mpira sindinkapezeka kwina koma ku Railway Ground. Chaka chimenecho Kabwe Warriors inakokolola zikho zonse za m'dziko muno, ndipo kutsogolo kunali Godfrey Chitalu, amene tinkamutcha Ucar, dzina la mabatire osatha msanga amene tinkaika m'mawayilesi. Mpira ukafika paphazi lake pafupi ndi golo, anthu tinkaimirira usanamenyedwe n'komwe. Amene sanapeze ya pakhomo ankaunjikana pa wayilesi kumvera Dennis Liwewe, mwana wobadwira ku Malawi, akukuwa mpaka mawu kusasa. Nyengo ya mpira itatha, Chitalu anali atamwetsa zigoli 107. Tonse tinkadziwa, ngakhale mwana wa ku Ngungu ankadziwa. Sitinaganizeko kuti tsiku lina wina adzatifunsa umboni.

Chitalu anamwalira pa 27 April 1993, ali mphunzitsi wa timu ya dziko, pamene ndege inagwera m'nyanja pafupi ndi Libreville ku Gabon. Ndiye mu December 2012 dziko lonse linayamba kuimba m'manja kuti Lionel Messi waposa zigoli 85 zimene Gerd Müller wa ku Germany anamwetsa m'chaka chomwecho cha 1972. Messi anatseka chaka ndi zigoli 91. Ife kuno tinati, nanga Ucar? Bungwe la mpira la dziko lino linadandaula, koma a FIFA anayankha kuti iwo sasunga ziwerengero za mipikisano ya m'mayiko, choncho sangatsimikize. Tinapsa mtima m'mabala ndi m'mabasi, koma kupsa mtima si umboni. Amene anatipukuta misozi ndi munthu wodekha, Jerry Muchimba, amene anakhala pansi n'kutsegula nyuzipepala zakale za chaka chimenecho, tsamba ndi tsamba, kulemba tsiku, timu ndi zigoli. Anapeza kuti kuwonjezera pa 107 zija panali zina 9 zimene Chitalu anamwetsa timu ya Majantja ya ku Lesotho kumayambiriro kwa chaka, nyengo ya mpira wa kuno isanatsegulidwe, kutanthauza 116 m'chaka chimodzi. Buku lake linatuluka mu 2015. Lero bwalo lija likutchedwa ndi dzina la Chitalu ndi nambala 107. Funso langa kwa inu ndi ili: zigoli za mnyamata amene akusewera lero, zimene mukuzilemba pa Facebook ndi pa sitetasi yozimirira pakatha tsiku limodzi, adzazipeza kuti wofufuza wa mu 2070?

Chachitatu chinkalowa m'nyumba zathu kudzera pa wayilesi. Musaganize kuti ndinu oyamba kuona chida chatsopano chosimbira nkhani. Mu 1949 kunabwera kawayilesi kotchipa kooneka ngati sefuliya, kotchedwa Saucepan Special, ndipo nyumba youlutsira mawu ya ku Lusaka inayamba kumveka m'makomboni ndi m'midzi. Akuluakulu a nthawiyo ankadandaula ngati mmene ine ndimadandaulira ndi TikTok, ankati ana asiya kukhala pamoto. Koma anthu ngati Alick Nkhata anatenga nyimbo za makolo n'kuzilowetsa m'chida chomwecho. Pambuyo pake, m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, kunabwera Julius Chongo ndi pulogalamu yake ya Chinyanja ya Poceza M'madzulo. Munthu mmodzi yekha pa maikolofoni, koma unkamva nkhalamba, mwana, mfumu ndi chilombo, aliyense ndi liwu lake. Nthawi yake ikakwana, komboni yonse inkangoti zii, kupatula wayilesi.

Mawu a pa wayilesi ndi ngati utsi, ukatuluka watuluka. Chimene chinapulumutsa zina mwa nthano za Chongo n'chakuti zinajambulidwa pa matepi, ndipo Ernst Wendland, mphunzitsi wa ku seminale ya Lutheran ku Lusaka, anakhala pansi n'kuzilemba papepala liwu ndi liwu, kuzifufuza, mpaka zina zinatuluka m'buku. Nthano inachoka pamoto kupita pa wayilesi, kuchoka pa wayilesi kupita pa tepi, kuchoka pa tepi kupita papepala. Paliponse pamenepo panali munthu amene anavutika kuisamutsa. Kumeneko ndiye kudzala mbewu kumene ndikunena. Chimodzimodzi nyimbo za WITCH, Amanaz, Paul Ngozi ndi Rikki Ililonga zimene tinkavina m'ma 1970. Zinatsala pang'ono kuiwalika, mpaka kampani ya ku America ya Now-Again Records inayamba kuzitulutsanso cha m'ma 2010, itafunafuna matepi ndi zimbale zakale kwa amene anasunga. Tithokoze kuti anatero, koma tidzifunsenso chifukwa chake wokumbukira chuma chathu amakhala wochokera kutali.

Mwina mukuti, "Agogo, zimenezo n'zakale, masiku ano chilichonse chili pa intaneti ndipo intaneti siiwala." Amakunamizani. Intaneti ndi makompyuta a anthu ena, ali m'nyumba za anthu ena, olipiridwa ndi ndalama za anthu ena. Mu 2019 kampani ya MySpace, kumene oimba ambiri ankaikako nyimbo zawo Facebook isanatchuke, inavomera kuti inataya nyimbo zimene anthu anaikako kuyambira 2003 mpaka 2015 posamutsa makompyuta ake, nyimbo zokwana pafupifupi 50 miliyoni. Mu 2024 bungwe lofufuza la Pew Research Center linapeza kuti mwa masamba 100 alionse a pa intaneti amene analipo mu 2013, masamba 38 anali atasowa patatha zaka khumi. A Google nawo analengeza kuti kuyambira December 2023 akhoza kufufuta akaunti imene yakhala zaka ziwiri osatsegulidwa. Ganizirani za munthu amene wamwalira osasiya pasiwedi.

Za kuno kwathu nazo zilipo. Dziko lino linalumikizidwa ku intaneti mu 1994 kudzera ku Zamnet, imene inabadwira pa Yunivesite ya Zambia, ndipo tinali m'gulu la mayiko oyambirira mu Africa. Mu February 1996 boma linaletsa kope lina la nyuzipepala ya The Post, ndipo linachotsedwanso pa intaneti ya kuno. Linapulumuka chifukwa wowerenga wina kunja anali atalikopera n'kuliika pa kompyuta ya kumeneko, monga mbewu ya amayi anga kutsidya kwa dambo. Nyuzipepalayo inatsekedwa mu 2016. Ndipo inu nomwe mukukumbuka tsiku la chisankho, pa 12 August 2021, pamene WhatsApp ndi Facebook zinangoti zii m'manja mwanu. Chakudza sichiimba ng'oma. Chinthu chimene wina angakutsekereni tsiku limodzi, angakutsekereninso mpaka kalekale.

Tsono mverani malangizo anga, ndipo si ovuta. Yambani ndi anthu amene ali pafupi kupita. M'tauni muno mukadali amuna amene analowa pansi mumgodi, amayi amene anagulitsa munkoyo pasiteshoni sitima zikadali zodzaza, oyendetsa sitima zamalasha, ngakhale ena amene anapita ku Mulungushi pamene Kenneth Kaunda ndi anzake ankakumana pamwala paja ufulu usanabwere. Chaka chilichonse tikuika m'manda angapo a iwo. Pitani ndi ulemu, mutenge kashuga kapena kabuledi, mukhale pansi, mupemphe chilolezo. Mukadina kabatani, musanafunse kanthu, nenani tsiku, mwezi ndi chaka, malo amene muli, dzina lonse la wosimbayo, mfunda wake, mudzi wa kwawo, ndi dzina lanu. Mphindi imodzi imeneyo ndi imene inasowa pa 17 June 1921. Mukatero tsekani pakamwa. Nkhalamba ikakhala chete musaidule, ikufunafuna njira, ndipo zonona zimatuluka pambuyo pa kachetechete ameneyo. Musafunse za andale zokha. Funsani mtengo wa thumba la ufa, nyimbo imene ankaimba potsika mumgodi, dzina la mzamba wa m'komboni, chimene chinawaseketsa tsiku la ukwati wawo.

Musanyoze nkhani za anthu wamba, chifukwa tsiku lina zimasanduka umboni. Mu October 2020 maloya anakasuma kukhoti lalikulu ku Johannesburg m'malo mwa ana ndi amayi a kuno okhudzidwa ndi mtovu umene uli m'dothi la ku Kasanda, Makululu ndi Chowa. Ine sindine woweruza, koma ndinaona chinthu chimodzi: pofuna kudziwa zimene zinachitika zaka makumi asanu kapena kuposerapo zapitazo, anthu anathamangira ku makalata akale a mgodi ndi malipoti a madokotala. Mawu a mayi wa ku Makululu wosimba mmene mwana wake ankadwalira, kapena a mnyamata wofukula miyala pa mulu wa zotsalira za mgodi wotchedwa Black Mountain, mukawajambula lero ndi tsiku lake ndi dzina lake, adzakhala ndi kulemera kumene simungakuone panopa.

Mukajambula, tsiku lomwelo lisanathe chotsani m'dengu muike m'nkhokwe. Akatswiri osunga zakale ali ndi lamulo lofanana ndi la amayi anga: makope atatu, pa zida za mitundu iwiri, limodzi likhale kutali ndi nyumba. Kwa ife zikutanthauza kuti lina likhale pa foni kapena pa kompyuta, lina pa fulashi kapena memori khadi imene mukasungitse kwa mbale wa ku Chipata kapena ku Lilongwe, lina pa imelo kapena pa Google Drive. Gulu la banja la pa WhatsApp musaliwerengere, limenelo ndi bwalo lochezerapo, ndipo ine ndi mboni. Chilichonse muchipatse dzina lomveka, loyamba ndi chaka, kenako wosimba ndi mutu wa nkhani. Foni imangopereka manambala ataliatali, ndipo pakatha zaka zisanu palibe adzakhale ndi mtima wotsegula zinthu mazana asanu zopanda mayina kuti apeze liwu la agogo ake.

Kenako muzidzala chaka ndi chaka. Ine ndaona zimbale za galamafoni, makaseti, matepi a vidiyo, madisiki a kompyuta ndi ma CD, chilichonse chikubwera ndi lonjezo lakuti ichi ndiye chosatha. Lero kaseti ya ukwati wa amalume anu ilipo, koma choiimbira mungachipeze kuti mu Kabwe muno? Memori khadi nayo imafa osadwala. Choncho sankhani nthawi imodzi pachaka, kaya pa Khirisimasi pamene banja lasonkhana, mutsegule zonse, muone ngati zikuimba, muzikopere pa chida chatsopano. Zimene zili zamtengo wapatali zedi muzilembe ndi kuzisindikiza papepala, muziike m'pulasitiki, m'bokosi losafikako chiswe. Pepala silifuna magetsi, silifuna bandulo, silifunsa pasiwedi. Za pasiwedizo, banja likhale ndi imelo imodzi ya zinthu za banja, yodziwika kwa anthu atatu okhulupirika a mibadwo yosiyana. Mutu umodzi susenza denga. Ndipo m'bale akamwalira, foni yake isapite kwa wokonza kapena kwa wolowa chuma musanatulutsemo zonse.

Polemba, lembani m'chiyankhulo chimene wosimbayo anayankhulira. Kabwe ndi mphambano, njanji inafika kuno mu 1906 n'kubweretsa mitundu yonse. Mwana wa kuno amayamba chiganizo m'Chibemba, kupitiriza m'Chinyanja, kutsiriza m'Chingerezi, agogo ake akumuyankha m'Chilenje. Palibe cholakwika. Koma ngati gogo wanena kuti fisi anangoti mphii mumdima, kapena kuti mtsuko unagwa kuti phwaa, musakonze, musasandutse Chingerezi chosalala. Mchere wa nthano uli m'timawu timeneto. Mukatsegula Wikipedia ya Chichewa mudzaona kuti nkhani zake n'zochepa momvetsa chisoni poyerekeza ndi unyinji wa ife oyankhula chiyankhulochi ku Malawi, ku Zambia, ku Mozambique ndi ku Zimbabwe. Palibe mzungu amene anatiletsa kulemba. Tikungochita manyazi ndi lilime la amayi athu, ndipo chiyankhulo chosalembedwa m'zida zatsopanozi adzukulu anu adzachiyesa chosayenera kulowamo.

Pali china chimene ndiyenera kunena motsitsa mawu. Si zonse zoyenera kuikidwa pagulu. Mu 2005 bungwe la UNESCO linalemekeza Gule Wamkulu monga chuma cha anthu onse, ndipo chaka chilichonse kumapeto kwa August timasonkhana ku Mkaika, ku Katete, pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Zovina pabwalo jambulani ngati eni ake alola. Koma za kudambwe ndi za kutsimba zili ndi eni ake ndi nthawi yake. Chimodzimodzi nkhani za m'banja zimene gogo wakuuzani chifukwa ndinu magazi ake. Kusunga ndi kwina, kuulutsa ndi kwina. Mufunseni wosimbayo kuti iyi ndi ya aliyense, kapena ya banja lokha, kapena yotsegula iye atapita. Yankho lake mulijambule pamodzi ndi nkhaniyo. Munthu wogulitsa chinsinsi cha agogo ake kuti apeze malaiki sasiyana ndi wogulitsa mbewu kuti agule mowa.

Ndiponso musamachotse dzina la mwini pa chinthu chimene mukutumiza. Ndimalandira ndakatulo ndi nkhani zabwino pa foni zongolembedwa pamwamba kuti zatumizidwa kambirimbiri, wolemba osadziwika. Uko ndi kubwereza tchimo la kuphanga lija ndi manja athu. Musasakanizenso nthano ndi mbiri. Kalulu akayankhula tonse timadziwa kuti ndi nthano. Koma mukamalemba za munthu weniweni ndi chaka chenicheni, nenani amene anakuuzani, ndipo ngati awiri akutsutsana lembani zonse ziwiri. Bodza la pa foni limathamanga kuposa njinga yamoto, ndipo likakhalitsa ana amadzaliyesa mbiri.

Sindikukutumani ntchito yosatheka. Mu 2016 amayi awiri, Samba Yonga ndi Mulenga Kapwepwe, anayambitsa Women's History Museum of Zambia, ndipo anatenga mbiri za amayi otchuka akale a dziko lino n'kuzisandutsa timafilimu tojambula tomwe mwana amaonera pa foni. Zida ndi zomwezi muli nazo m'thumba. Muno mu Kabwe tili ndi Mulungushi University ndi Kwame Nkrumah University, kumene kuli ophunzira mbiri ndi ziyankhulo. Ku Lusaka kuli National Archives of Zambia. Mipingo yathu ili ndi mabuku a ubatizo ndi a maukwati amene akudyedwa ndi njenjete m'makabati. Mukasonkhanitsa zinthu zooneka, gogodani pa makomo amenewa, mufunse ngati angasunge kope. Pa intaneti palinso Internet Archive, imene yakhala ikusunga masamba kuyambira 1996, ndipo aliyense akhoza kuikako zake. Ikani uko, ikaninso kwina. Nkhokwe imodzi, ngakhale ikhale yaikulu bwanji, ndi imodzi basi.

Pomaliza, musaiwale chimene tikusungira zonsezi. Nthano yotsekeredwa pa fulashi, imene palibe akuisimba, ili ngati chigaza chija m'kabati ya ku London: ilipo, koma siili pakati pa anthu ake. Agogo anu ankasiya mpata uja pambuyo pa "Padangokhala" chifukwa nthano ndi ya anthu awiri, wosimba ndi wovomera. Magetsi akazima, monga amachitira kawirikawiri madzi akachepa ku Kariba, musamangotukwana mumdima. Itanani ana, muwasimbire imodzi mwa zitatu zija ndi pakamwa panu. Mukaiwala pena, onjezerani zanu, ndi mmene nthano zakhala zikuyendera chiyambire. Mwana amene waimva kwa inu ndiye kope lachinayi, loyenda ndi miyendo.

Nthano zitatu za agogo anu tsopano zili pa kompyuta ya mdzukulu wanga wamkulu, pa fulashi ku Chipata, pa imelo ku Johannesburg, ndiponso papepala m'bokosi lachitsulo lija, pamwamba pa makalata a mu 1953. Zinazo, zoposa makumi awiri ndi zisanu, madzi akatayika saoleka. Ine ndatsala ndi mano ochepa koma nkhani ndikadali nazo zambiri, za njanji, za Ucar, za ulendo wa atate kuchokera kwa Mkanda. Loweruka likubwerali ndidzakhala pakhonde kuyambira m'mawa. Bwerani ndi foni yotchaja bwino, kope ndi cholembera, ndipo mukachoka pano mukagogode kwa nkhalamba ina ya mumsewu mwanu dzuwa lisanalowe.